Chenjezo Limene Bryson Anafufuta

Bryson anakulira pakhomo labwino ku Chonde. Bambo ake, a Hudson Mulipa, anali mmisiri womanga nyumba komanso mkulu wa mpingo. Khoma likapindika pang'ono ankaligumula okha, mwini nyumba asanaone n'komwe. Mayi ake ankathyola tiyi ku esiteti, ndipo mlongo wake Sheila anali atangomaliza kuphunzira zosoka. M'mawa uliwonse banjalo linkayamba lapemphera, kenako aliyense n'kupita ku ntchito yake.

Pofika zaka makumi awiri ndi ziwiri, Bryson ankayala njerwa mwachangu kuposa bambo ake. Chimene chinkamusowa ndi kudekha.

Tsiku lina pamsika anaitanidwa ndi Mackson, wamalonda a kaunjika amene anali ndi mashopu atatu m'mbali mwa msewu.

"Ndikufuna kusanjika zipinda pamwamba pa mashopu anga," anatero Mackson. "Bambo ako akuti ndiyambe ndatenga pulani yovomerezeka ku khonsolo. Ine ndilibe nthawi yodikira mapepala. Iwe ndiwe wamakono. Udzakhala ukupondera bambo ako matope mpaka liti?"

Mawuwo anamulowa mumtima. Atawauza bambo ake kunyumba, iwo anapukusa mutu.

"Mashopu amenewo ndinawaona akumangidwa. Maziko ake ndi osaya, ndipo malowo ndi dambo. Usasanjikepo kanthu, mwana wanga."

"Ababa, zimenezo ndi zakale. Masiku ano anthu akungomanga."

"Akumangadi. Nanga okhala pansi pake wawaganizira?"

Lolemba lake Bryson anayamba ntchito.

Poyamba ankangofuna kuonetsa kuti naye ndi mmisiri payekha. Koma Mackson atagula zitsulo zochepa, iye sanatsutse. Posakhalitsa anayamba kuzembetsa matumba a simenti n'kumagulitsa, m'matope n'kumachulutsa mchenga. Kutchalitchi anasiya, chifukwa Lamulungu ndilo linali tsiku lomanga popanda wofunsa.

Makoma atafika pamawindo, kunabwera mayi Hawa, woyendera zomangamanga wochokera ku khonsolo. Anafunsa pulani, panalibe. Anakwera pamwamba, n'kukanda pakati pa njerwa ndi chikhadabo, matope n'kuyoyoka ngati ufa. Atatsika analemba pakhoma lakumaso ndi utoto wofiira kuti ntchito iime, ndipo kalata anapatsira Bryson popeza mwini nyumba kunalibe.

"Sindikudana nanu, achimwene," anatero mayiwo. "Nyumbayi ikulemedwa. M'kalatamu muli lamulo loti onse a m'mashopu atuluke. Lero ndapeza motseka, ndiye muwauze ndinu mawa m'mawa. Ndibweranso ndi anzanga sabata yamawa."

Galimoto yawo itangochoka, Mackson anatulukira.

"Ukatulutsa anthu anga, ntchito yako yathera pomwepo," anatero. "Utotowo ukuopa? Tenga laimu upakepo. Akadzabwera adzapeza denga lili pamwamba, ndipo nyumba yofolera sagumula."

Bryson anaima nthawi yaitali bulashi ili m'manja. Ankadziwa kuti mayi aja sananame, pakuti matopewo anasakaniza yekha. Komabe anapaka. Kufiira kunkaonekerabe, mpaka anabwereza katatu.

M'shopu yapakati munali telala, mayi Millie, ndipo ndi amene anali atalemba Sheila ntchito mwezi womwewo. M'mawa mwake Sheila anaona laimu wamuwisi pakhoma.

"Achimwene, ndamva kuti kunabwera a boma. Anati chiyani?"

Kalata ija inali m'thumba la malaya a Bryson. Anaigwira, n'kuisiya.

"Amangoyendera. Zonse zili bwino."

Sheila anamwetulira n'kulowa. Sankadziwa kuti mchimwene wake angamunamize.

Sabata yomweyo mvula inatsika kuphiri n'kugwa masiku atatu osakata. Lachinayi masana Bryson anali ku Chinakanaka kukafuna mitengo ya denga pamene foni yake inalira. Anafika ku Chonde anthu akufukula ndi makasu ndi manja. Chipinda chapamwamba chinali chitatitimira m'shopu yapakati. Bambo ake anali pomwepo, akuchotsa njerwa imodziimodzi. Mayi Millie anawatulutsa atamwalira kale. Sheila anali moyo, koma mwendo wake wakumanja unali utaphwanyika, ndipo kuchipatala anaudula.

Mackson anawoloka malire kulowa ku Mozambique tsiku lomwelo, osadzaonekanso.

Bryson akanatha kunena kuti sankadziwa. Anthu ambiri ankati ndi mvula. Koma atapita kukamuona Sheila, mlongo wakeyo anamuyang'ana m'maso n'kufunsa motsitsa mawu.

"Munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

Sheila sanalire, sanamutukwane. Anangotembenukira kukhoma.

Kuchoka apo Bryson anapita yekha kupolisi n'kupereka kalata ija. Kukhoti anavomera zonse: za simenti, za laimu, za bodza limene anauza mlongo wake. Ana awiri a mayi Millie anakhala pabenchi yakutsogolo akumvetsera. Woweruza anamulamula kukakhala kundende zaka zisanu ndi chimodzi.

Patapita miyezi itatu bambo ake anakamuona kundende. Anali atakalamba mwadzidzidzi.

"Ababa, Mulungu angandikhululukire?"

"Ukalapa moona amakhululuka. Ine ndakukhululukira, mayi akonso. Sheila mumupatse nthawi, akuphunzira kuyenda ndi ndodo. Koma chikhululukiro sichiwabwezera ana aja mayi wawo. Chimenecho udzachisenza moyo wako wonse."

Bryson anawerama n'kulira, ndipo bambo ake anapemphera naye mpaka msilikali wa ndende atanena kuti nthawi yatha.

Achinyamata, tchimo la Bryson silinayambe tsiku limene nyumba inagwa. Linayamba pamene ananyoza malangizo a bambo ake, linakula pamene anaba, ndipo linapha munthu pamene anabisa choonadi. Malamulo a kamangidwe sanaikidwe kuti akuchedwetseni. Amateteza anthu amene adzakhale pansi pa ntchito ya manja anu. Mukachenjezedwa, imani. Mukadziwa kuti pali ngozi, nenani, ngakhale ntchito ikuthereni. Wobisa chenjezo amavulaza osalakwa, ndipo nthawi zambiri amakhala anthu amene ankamukhulupirira.