Zilembo Zazing'ono Kuseri kwa Chigubu

Lachitatu masana, cha m'ma 3 koloko, Kabawuti anaima pambali pa galimoto yoyera ya anamwino. Kudzanja lamanzere anagwira fanelo, kulamanja chigubu cha oyilo cha malita anayi, koma sanathire ngakhale dontho.

Galaja ya bambo ake inali chipinda chimodzi cha malata, dzenje pakati, ndi shelefu yodzaza zitini za mabawuti. Dzina lakelo analitola m'zitini zomwezo, chifukwa ali wamng'ono ankang'ambitsa matumba a diresi ndi mabawuti. Tsopano anali ndi zaka 17, atatha matemu awiri kusukulu ya zaumakaniko, ndipo patchuthi chimenechi ntchito yosintha oyilo bambo ake anali atamusiyira iyeyo.

"Iwe Kabawuti," anaitana bambo ake ali m'dzenje, "oyiloyo ukumupempherera? Wakale ndamukhetsa, kunsi kuno ndamanga. Thira, mwini wake akubwera 4 koloko."

"Ababa, oyiloyu si wake wa galimotoyi."

Bambo aja anakwera masitepe akupukuta manja pasanza. "Si wake? Patsogolo pa chigubucho alemba chiyani?"

"Alemba kuti ndi wa magiyabokosi a otomatiki osiyanasiyana."

"Nanga iyi ndi ngolo ya ng'ombe?"

Kabawuti sanaseke. Anatembenuza chigubu chija. Kuseri kwake kunali mndandanda wa zilembo zazing'ono ngati nyerere, wotchula mitundu ya magiyabokosi amene oyiloyo amagwiramo ntchito. Mzere wotsiriza unkachenjeza kuti asathiridwe m'giyabokosi ya mtundu wa CVT. Kenako anaonetsa buku la galimotoyo, limene analipeza m'kabokosi ka kutsogolo kwa mpando, atalitsegula patsamba 212. Pamenepo opanga galimoto analemba dzina ndi nambala ya oyilo wake, ndipo nambalayo pachigubupo panalibe.

"Giyabokosi iyi si ngati zija munazolowera, Ababa. Muli lamba wachitsulo amene amayenda pakati pa mawilo awiri omupana. Oyilo akakhala wolakwika, lambayo amaterereka n'kumakanda mawilowo. Lero iyenda bwinobwino, mwinanso mwezi wathunthu. Ikadzayamba kunjenjemera pachitunda, ndiye kuti giyabokosi yatha."

"Zaka 26," anatero bambo ake, akuwerenga mawu limodzilimodzi. "Zaka 26 ndikuthira oyilo wofiira m'magalimoto a anthu, palibe anabwera kudzandilirira pakhomo. Iwe matemu awiri okha, wayamba kale kuphunzitsa nkhuku kupalasa?"

Zimene ananenazo zinali zoona, ndipo Kabawuti ankadziwa. Bambo ake ankadziwa matenda a injini pongoimvetsera, ndipo oyilo wopsa ankamuzindikira pomununkhiza pachala. Koma ankaganizanso za galimotoyo itafera pamsewu wafumbi, anamwino ali m'kati ndi bokosi la katemera.

"Werengani nokha, Ababa. Mzere wapansi penipeniwo."

Bambo aja analandira chigubu. Anachitalikitsa mpaka mkono unawongoka, kenako anasendera kukhomo kumene kunali kuwala. Anaika chala chachikulu pamzere wina, milomo ikugwedezeka pang'ono.

"Ndaona. Palibe vuto. Bweretsa fanelo."

Kabawuti anayang'ana pamene panali chalacho. Pomwepo zinthu zambiri zinalumikizana m'mutu mwake. Kuyambira mu Epulo, uthenga ukalowa pafoni, bambo ake ankati, "Tawerenga, manja angawa ali ndi girisi," ngakhale atangosamba kumene. Masipanala ankawasankha powapapasa, osayang'ananso nambala. Buku lolembamo magalimoto obwera anali atalisiya mu Juni.

Anabisa fanelo kumbuyo. Anayang'ana kumsewu kuti aone ngati panali wina womva, kenako analankhula motsitsa mawu.

"Ababa, chala chanu chili pamzere wonena kuti oyiloyu asungidwe patali ndi ana."

Pansi pa galimoto, oyilo wakale ankadonthera m'beseni kuchokera kusefa yakale imene anaichotsa, dontho limodzilimodzi. Bambo aja anachotsa chala pang'onopang'ono, n'kukhazika chigubu pansi. Sanamuyang'ane mwana wawo.

"Amayi ako akudziwa?" anafunsa bambo aja.

"Sindikudziwa. Inenso ndadziwa pompano."

"Makaniko wosaona," anatero akuseka kuseka kopanda chimwemwe. "Ndani angamusiyire galimoto?"

Kabawuti asanayankhe, anamwino analowa, chikwama paphewa, makiyi a kunyumba akulira m'manja. Anali mayi wamfupi woyenda ngati wachedwa nthawi zonse.

"Amakaniko, kavalo wanga wadzuka?"

Kabawuti anayang'ana pansi. Fanelo inali idakali kumbuyo kwake, koma akanati bambo ake aitanitsenso pamaso pa kasitomala, sakanatha kuwakaniza.

"Sanadzuke, mayi," anatero bambo ake. "Ndalakwitsa ndine. Ndagula oyilo wosayenera, ndipo pakanapanda mwanayu bwenzi pano ali m'kati."

Nkhope ya anamwino inasintha. "Amakaniko, Lachisanu 7 koloko m'mawa ndikunyamula katemera wa zipatala zitatu zakumudzi. Amayi amayenda makilomita khumi ndi ana kumbuyo. Ndikawauze kuti chiyani?"

"Tandipatsani mphindi zisanu," anatero Kabawuti.

Anatenga foni ya bambo ake n'kuimbira kushopu ya masipeya. Anawerenga nambala ya patsamba 212 kawiri, ndipo anapempha wogulitsayo kuti aibwereze. Kushopuko oyiloyo kunalibe, koma wogulitsayo anati auitanitsa kunthambi yawo yaikulu, ufika mawa lake ndi basi ya 12 koloko.

"Mawa pofika 3 koloko mudzaitenga," anatero Kabawuti.

Anamwino anapuma mozama. "Bola kuyenda pansi tsiku limodzi kusiyana ndi kukankha galimoto kutchire." Anatembenuka kuti azipita, koma bambo aja anakhosomola pang'ono.

"Mayi, kuchipatala kwanuko... za maso amayeza tsiku lanji?"

Anamwino anawayang'ana, anayang'ananso chigubu chinali pansi chija, ndipo sanafunse zambiri. "Lachinayi lililonse, kuyambira 8 koloko. Mulawirire, mzere umatalika. Ndipo musaope, magalasi saluma."

Mawa lake Kabawuti anatsegula galaja yekha, bambo ake atalawirira kuchipatala. Anasesa, anatsuka fanelo mpaka inayera, ndipo 12 koloko itadutsa ndi mphindi makumi awiri anakalandira chigubu chatsopano kudepoti. Pobwerera anapeza bambo ake atakhala patayala, pamphuno pali magalasi owerengera a felemu yakuda, kapepala ka mtengo kakadali kulendewera kukhutu.

"Usaseke," anachenjeza.

"Sindikuseka, Ababa. Mukungooneka ngati ahedi."

"Ahedi a mabawuti. Bwera nacho kuno, ndi bukulo."

Anaika buku pabondo lina, chigubu pabondo linalo. Anawerenga nambala ya m'buku mokweza, chilembo ndi chilembo, kenako ya pachigubu. Zinafanana. Sanalekere pomwepo. Anawerenga mizere yonse mpaka pansi, ngakhale uja wonena za ana, ngati munthu amene wakumana ndi mnzake wakale. Atamaliza anatenga chigubu chadzulo chija n'kuyendetsa chala pamndandanda wake.

"Taona apa. Takisi yakale ija ya amalume ako ilipo pamndandandawu. Ndiye oyiloyu si woipa ayi."

"Si woipa, Ababa. Kungoti ali ndi kwawo."

"Tidzamuthira Loweruka, tikaona kaye buku lawo, ngati makoswe sanalidye."

Anaimirira, anakonza magalasi ndi chala cha girisi, n'kumuyang'ana mwana wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kani ovolosi yakoyi ndi yakuda chonchi?"

Kabawuti anaseka mpaka fanelo inagwedezeka m'manja. Bambo ake anatsegula chigubu, anamupatsira, n'kutsikira m'dzenje kukaonanso bawuti yokhetsera. Patapita kanthawi mawu awo anamveka kuchokera pansi pa galimoto.

"Ndaiona ndi maso anga, yamangika. Thira, amakaniko."