Kabotolo ka Maluwa Oyera

Mpango wa amayi ake unasiya kununkhira m'nyengo ya mvula. Kachete anaukanikiza kumphuno, n'kupuma mpaka chifuwa kuwawa, koma munangotsala fungo la m'sutikesi. Zovala zina zonse za malemuwo zinapita ndi achibale. Mpango wokhawo ndi umene iye anabisa pansi pa pilo.

Dzina loti Kachete anam'patsa ndi anzake a m'kalasi, chifukwa chimwalirireni amayi ake ankangokhala pakona ngati katundu woiwalika m'basi. Kunyumba nako kunali zii. Bambo ake, omwe anali kalipentala, ankafika madzulo utuchi uli mbuu m'tsitsi, kufunsa za kusukulu mwachidule, kenako n'kumangoyang'ana khoma. Za amayi sizinkakambidwa m'nyumbamo.

Tsiku lina ataweruka, Kachete analowa m'sitolo ya zodzoladzola pafupi ndi pokwerera basi. Mabotolo a perefyumu anali ndandanda pa shelefu yagalasi. Dzina la perefyumu amene amayi ake ankadzola sankalidziwa, choncho anayamba kununkhiza botolo lililonse mpaka mutu unayamba kuzungulira. Mayi wogulitsa, wa magalasi olendewera pamphuno, anamuseka kuti akapitiriza choncho mphuno ipempha tchuthi, ndipo anamufunsa chimene ankafuna. Kachete anafotokoza movutikira kuti poyamba umamva maluwa oyera, aja amanunkhira dzuwa likamalowa, koma pakapita nthawi pamatsala fungo la mtengo wongocheka kumene.

Mayiyo sanafunsenso zambiri. Anatsitsa kabotolo ka chivindikiro chathabwa, n'kumupopera pang'ono padzanja, ndipo anamuuza kuti asatikite, angodikira. Atanunkhiza, Kachete analizindikira fungolo nthawi yomweyo. Anali amayi ake enieni, ngati angodutsa kumene. Ndalama imene azakhali ake anam'patsa yogulira nsapato inathera pomwepo, ndipo anabwerera kunyumba ndi nsapato zake zoyasama zomwe zija.

Atafika anadzipopera m'khosi ndi m'manja, anapopera makatani, ngakhale mpando umene amayi ake ankakonda. Nyumba yonse inadzaza. Bambo ake atatsegula chitseko anaima chilili, chikwama cha zida chinawapulumuka.

"Kasambe," anatero motsitsa mawu. "Pompano."

Kachete anasamba akulira, akudzikhula mpaka khungu kuyabwa. Mumtima anati bambowa akufuna kufafaniza amayi ngati choko pa bolodi. Anakagona osawatsanzika.

M'mawa mwake linali Loweruka. Kabotolo kaja panalibe pawindo pamene anakasiya. Atapsa mtima, anathamangira kushedi ya kuseri kwa nyumba kumene bambo ake ankapalira matabwa, poganiza kuti akataya. Anawapeza atakhala pabenchi, kabotolo kali m'manja mwawo mokhakhala, maso ali psuu. Kachete anali asanawaonepo akulira, ngakhale tsiku la maliro.

"Nditatsegula chitseko dzulo, ndinaganiza kuti amayi ako ali kukhitchini," anatero bambowo osadzutsa mutu.

"Ine ndimayesa munawaiwala, bambo."

Anapukusa mutu, n'kusendera kuti mwana wawo akhale. Kenako anayamba kumusimbira kuti amene anagulira amayi ake botolo loyamba ndi iwowo, asanakwatirane, ndipo amayiwo anaseka mpaka misozi, amvekere wasankha dala la fungo la matabwa kuti anyamata ena adziwiretu kuti duwali mwini wake ndi kalipentala. Kachete anaseka mokweza, mpaka anadabwa ndi mawu ake omwe. Anawauza za mpango, za sitolo ija, ndi za nsapato. Anafunsa funso lina, kenako linanso. Chitseko cha kasitomala chinakhala osapalidwa mpaka masana.

Pomaliza bambowo anamubwezera kabotoloko, n'kumufumbatitsa ndi manja awo onse awiri.

"Uzidzola, mayi. Koma kadontho chabe, osati ngati ukupopera udzudzu." Anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya. "Ndipo ukawasowa, usamakawafune wekha m'masitolo. Uzibwera kuno, inenso ndimawasowa."

Kachete anatsamira paphewa pawo, ndipo sanasamale za utuchi umene unamumata patsaya.