Dothi la pa Mpando wa Kumbuyo

Zimene ndikunenazi zinachitikadi. Amene anaziona ndi bambo anga a Maliko, kapitawo pa esiteti ina ya fodya cha ku Guilleme. Ndi munthu wosadziwa kukometsa nkhani.

Amayi, a Benedicta, anamwalira m'dzinja. Kwathu ndi ku Phalombe, koma galimoto yonyamula maliro sinapezeke, choncho anaikidwa kumanda a matenanti, kuseri kwa zigafa. Mwambo wathu ndi woti munthu akagona kuchilendo, wachibale amatapa dothi pamanda pake n'kukalithira kumudzi kuti mzimu ufike kwawo. Bambo analonjeza pamanda pomwepo. Kenaka kunabwera kuthyola fodya, kusoka, kusankha, kudinda mabelo. Mawa, mawa, mpaka chaka chinatha.

Ndiye Cyprian, mwana wa eni esiteti, anagula kandege ka mipando inayi ku Lusaka. Thirakitala inasalaza bwalo lotera, n'kudutsa pamanda paja. Mitanda inali itadyedwa kale ndi chiswe. Palibe anafunsa.

Kandegeko anakabweretsa ndi munthu wina. Tsiku loti Cyprian akaulutse yekha koyamba, m'mawa wina wa Okutobala, anaitana bambo kuti akamuonetse malire a munda ali m'mwamba.

"Kwerani madala, lero muona Chipata osadinditsa pasipoti!"

Bambo anakwera chifukwa bwana sakanidwa. Kandege kanathamanga. Matayala atafika pamalo paja, bambo anamva kugunda kamodzi pansi pa mapazi awo, ndipo kumbuyo kunalemera. Anadutsa mitengo ya bulugamu mochita kukhudza masamba.

"Mwaika chiyani kumbuyoko?"

"Palibe, bwana."

Kenaka fungo. Dothi lonyowa, pomwe mvula inali isanagwe. Utsi wa nkhuni. Sopo wochapira.

Kandege kanayamba kukhota kokha. Kanafulatira Chipata n'kuloza kum'mwera. Cyprian anakoka chiwongolero mpaka mitsempha ya m'manja inatupa.

"Sikakundimvera, madala," ananong'ona.

Kumbuyo lamba wa mpando anati kete. Wina anapuma. Kunali kupuma kwa munthu wotopa amene wangotula mtolo wa nkhuni pakhomo. Bambo ankakudziwa kupuma kumeneko. Sanacheuke.

"Amake Yankho," anatero bambo, kuitana amayi ndi dzina langa, "ndamva. Mwana wa eniakeyu musiyeni. Ndikupititsani ndekha."



Chiwongolero chinafewa.

Atatera, Cyprian anatsika n'kukhala pansi pa udzu. Bambo ndi pomwe anayang'ana kumbuyo. Lamba anali womanga. Pampando panali kamulu ka dothi lofiira, lonyowa. Pampando winawo panalinso kamulu kena.

Anamanga dothilo m'tinsalu tiwiri, ndipo m'mawa mwake ine ndi iwo tinakwera basi osapempha chilolezo kwa wina aliyense. Limodzi tinakalithira pafupi ndi manda a agogo. Linalo sitinadziwe mwini wake. Tinalithira m'mphepete mwa manda, bambo n'kulipepesa.

Kandegeko kakadali pabwalo paja, komangidwa ndi zingwe pa zikhomo. Cyprian sanakakwerenso. Anthu opita kumunda amati m'mawa uliwonse amakapeza katatembenuka, kataloza kum'mwera, zingwe zitakungika.

Pamanda paja panagona anthu ambiri, a ku Mulanje, a ku Thyolo, a ku Nsanje. Mipando ndi inayi yokha.