Mzere wa Lachitatu

Nicodemus Nkandu ndi mkazi wake Emmy anayamba bwino, moti ku Kabwata anthu ankawatcha nkhunda ziwiri. Iye ankayendetsa takisi, Emmy anali namwino woyendera odwala m'makomo.

Chinayatsa moto ndi pakamwa pa Cheryl, neba wawo. "Ba Nico, ba madamu nimabaona ku Woodlands Lachitatu lililonse. Geti imaseguka bakalibe kugogoda."

Kuyambira pamenepo Nicodemus sanaonenso mtendere. Tsiku lina Emmy akusamba, Nicodemus anatenga foni ya mkaziyo n'kutsegula fayilo yochokera kuntchito. Inali ya mtundu wa CSV, imene kwenikweni ndi tebulo: kachizindikiro kalikonse ka koma (,) ndi mpanda wolekanitsa mabokosi, ndipo mzere woyamba umanena zimene bokosi lililonse likusunga. Foniyo inangoionetsa ngati kalata wamba, mawu ali mbwee. Mwamuna wansanje alibe nthawi yoyambira pamwamba. Anasaka "Woodlands", n'kupeza: Emmy,Bruce Ng'andu,Woodlands,Lachitatu,14:00,ali yekha.

"Iwe Emmy, uyu Bruce ni ndani?"

"Ni vakunchito, ba Nico. Vabodwala sitikamba, munaziba kudala."

"Nchito ya munthu ali yeka? Uniyesa chipuba?"

"Mwagwila foni yanga, manje mufuna nigwade? Sinizakamba!"

Kalanga ine! Wina anaumirira lumbiro la ntchito, wina anaumirira zimene maso ake anaona. Lachitatu Nicodemus anaimika takisi pafupi ndi geti lija la ku Woodlands. Emmy atatuluka akumwetulira, anamukantha m'mutu ndi sipanala ya matayala. Mayiyo anamwalira asanafike kuchipatala.

M'khoti, fayilo ija anaitsegula pakompyuta. Makoma aja anasanduka mizere, mawu onse n'kukhala m'mabokosi ake, pamwamba pali mitu: Namwino, Wodwala, Dera, Tsiku, Nthawi, Akukhala ndi ndani. Bruce Ng'andu anam'lowetsa pa njinga ya olumala, mkulu wa zaka makumi asanu ndi awiri, wakufa mbali imodzi.

"Emmy ndiye anali kunisambika," anatero mkuluyo akugwetsa misozi. "Manje nilibe munthu."

Nicodemus anagwira m'mutu. Woweruza anam'lamula kukhala m'ndende moyo wake wonse.

Nsanje imawerenga mzere umodzi n'kutseka buku. Mitu imene ikanapulumutsa Emmy inalimo ndithu tsiku lija, pamwamba penipeni pa fayilo, pamene chala cha mwamuna wake chinangodutsa.