Chipinda cha Kumapeto pa Nyumba ya Esau

Amock anachoka pa boma la Lundazi mwezi utakwera kale. Fodya wake anali atagulitsa masana, koma anachedwa pamowa, ndipo n'komweko kumene mnzake wina anamulasa ndi mawu. Akuti mkazi wake Evelina ankaoneka kawirikawiri pa nyumba yakale ya alendo ya m'njira ya ku Mphamba, akuseka ndi Dickson, wamalonda wa ku Kasungu amene chaka chimenecho cha 1994 ankagula mtedza pakhonde la nyumbayo. Amock anaseka nawo anzakewo, koma mowa unamuwawira m'kamwa. Anabwereka kankhwangwa, nati n'koopsezera agalu, n'kuuyamba wapansi.

Njira yonse ankangoona nsapato zonyezimira za Dickson ndi njinga yake yatsopano. Nanga chitenje chija Evelina anati wapatsidwa ndi mchemwali wake, chinachokeradi kwa mchemwali?

Nyumbayo aliyense ankaidziwa. Inamangidwa ndi njerwa zootcha nthawi ya atsamunda, makoma ochindikala, khonde lalitali la nsanamira za mlombwa, ndi zipinda zondondozana, chilichonse ndi chitseko chake choyang'ana kumsewu. Kale munkagona apaulendo opita ku Kasungu ndi ku Chipata. Tsopano malata anali atadyeka ndi dzimbiri, ndipo munalibe wokhalamo.

Koma usiku umenewo, m'chipinda cha kumapeto munkawala nyali.

Amock anaima. Anamva kuseka kwa mkazi... kuseka kumene ankakudziwa bwino.

Pakhonde panali bambo wina wovala jekete lakale, atatsamira nsanamira. Amock sanamuone pofika. Anamupatsa moni wa Chitumbuka monong'ona, koma bamboyo sanayankhe moniwo.

"Mwabwela kudzamvetsela pazenela?" anatero osamuyang'ana. "Ndine Esau, mwini nyumba ino. Ali momwemo. Onse amathela m'chipinda chimenecho."

Mawu ake anali ouma ngati mapesi. Amock anamva fungo la utsi, chonsecho moto panalibe. Miyendo inkamuuza kuti abwerere. Kuseka kuja kunamvekanso, ndipo ulendo uno kunali ndi mawu a mwamuna. Anagwiritsa nkhwangwa. Anayenda monyang'ama. Chitseko choyamba... chachiwiri... chomaliza.

Anachimenya ndi phazi. Phwaa!

Mdima. Nyali munalibe. Munthu munalibe. Mileme inamuwomba kumaso. Atakweza maso anaona nyenyezi, pakuti chipindacho chinalibe denga. Makoma anali bii ndi mwaye, ndipo pansi panamera udzu.

Kenaka mawu aja anamveka kumbuyo kwake, pafupi ndi khutu.

"Inu mwachita bwino kutsegula. Ine sindinatsegule. Ndinangokhoma kunja... n'kuyatsa."

Amock anacheuka. Khonde linali mbee, popanda munthu!

Nkhwangwa inagwa. Anathamanga osayang'ana njira, kudutsa m'minda, ziputu za fodya zikumucheka mapazi, mpaka anakagwera pachitseko cha nyumba yake.

Anapeza Evelina ali maso, atafungata mwana wawo amene thupi linatentha kuyambira m'mawa. Pambali pake panakhala mayi ake a Amock, amene anali nawo tsiku lonse. Evelina sanachoke pakhomo ngakhale kukatunga madzi.

Mpweya utabwerera, Amock anafotokoza zonse, ndipo mantha anamuiwalitsa kubisa za nkhwangwa. Evelina anamufunsa motsitsa mawu kuti nkhwangwayo ankafuna kutemera ndani.

Mayi ake a Amock anamufunsa kuti atchulenso dzina la bambo uja. Atalitchula, iwo anakokera chitenje pamapewa.

"Esau ndinkamudziwa, mwanawe. Anatentha chipinda chija poganiza kuti mkazi wake Anna ali ndi mlendo. Kutacha anapezamo Anna yekha ndi khanda lawo kumsana. Esauyo anadzimangilila pakhonde lomwelo, iwe usanabadwe."