Mbaula ya Amayi M'minibasi

"Ni ndani watsegula windo na mphepo yonse iyi?"

Amene anafunsa anali kondakitala. Unali m'mawa wa mu Juni, ndipo aliyense m'minibasi yochokera ku Libala anali atabisa manja m'khwapa. Kasuba ankalidziwa yankho, koma anaweramira pafoni ya mnzake Kimberly ngati muli nkhani yaikulu.

Amene anatsegula zeneralo anali mayi ake a Kasuba, a Bernadette. Chaka chathachi anawachotsa bere chifukwa cha khansa, ndipo tsopano ankamwa piritsi limodzi tsiku lililonse kuti matendawo asabwerere. Piritsilo linali laling'ono kuposa nyemba, koma linkawayatsira moto m'thupi mosachenjeza. Iwo ankangoti, "Mbaula yanga yayaka." Ankayenda ndi kathaulo konyowa m'chikwama, ndipo kushopu yawo ya zitenje ku Kamwala sankajomba.

Kimberly anali watsopano kusukulu ndipo sankawadziwa. N'chifukwa chake Kasuba anakhala kumbuyo kwenikweni, kutali ndi mayi ake.

"Ba mayo, ino si firiji," anatero kondakitala kwa a Bernadette. Anthu anaseka.

"Ona ba mami baja, thukuta mu Juni," Kimberly ananong'ona, koma mokweza ndithu. "Bagona ku bala kapena?"

Kasuba anaseka. Kanali kaseko kakang'ono chabe, koma mayi amalimva liwu la mwana wake ngakhale pakati pa msika.

A Bernadette sanacheuke. Anakoka galasi n'kutseka. "Pepani, abale," anatero mofatsa.

Kasuba anayamba kuwayang'ana pakhosi. Thukuta linkatuluka pansi pa duku n'kumatsikira kumsana, mpaka bulauzi inamatirira thupi. Dzanja lawo linagwiritsa chitsulo cha mpando wakutsogolo. Kathaulo sanakatulutse, ndipo kumbuyo sanayang'aneko ngakhale kamodzi, kuopa kuti wina angazindikire kuti mtsikana wa yunifolomu uja ndi wawo.

Pa Kabwata magalimoto anathithikana, minibasi inaima. Mutu wa a Bernadette unayamba kuwerama pang'onopang'ono.

Kasuba anadzambatuka, nadzigunda mutu kudenga. Anadzipanikiza pakati pa anthu kupita kutsogolo, natambasula mkono pamwamba pa phewa la bambo wina wa jekete n'kukankha galasi mpaka kumapeto.

"Iwe kamwana, wapenga?" anakalipa bamboyo.

"Ni ba mami banga," anatero Kasuba. "Bakumwa mankhwala ya khansa. Yamabatentha thupi."

Kimberly analowetsa foni m'thumba. Kondakitala anakanda kumutu.

"Manje simunakambe bwanji, ba mayo?"

A Bernadette anatulutsa kathaulo, napukuta nkhope mosathamanga, nakoka mpweya wozizira kawiri.

"Ninayopa, mwana wanga," anayankha. "Na mphepo iyi, sembe monse mwayamba kuniwotha."

Chiseko chinaphulika. Bambo wa jekete uja anatambasulira zikhatho zake kwa iwo ngati ali pamoto, ndipo a Bernadette anamumenya pang'ono ndi kathauloko. Zenera linakhala chitsegulire. Mayi wina anangomufunditsa bwino mwana wake.

Atafika pa siteji ya kusukulu, atsikana awiriwo anatsika. Kimberly anatsogola, koma Kasuba anazungulira mpaka pazenera paja. Anafuna kunena zambiri, koma mayi ake anangomukonza kolala ya malaya ngati masiku onse.

"Thamanga, uzachedwa."

Minibasi inayamba kuyenda. Kasuba anaitsatira pang'ono, nakuwa kuti amveke pamwamba pa phokoso la injini.

"Mami! Windo muzitsegula chabe. Kuyambila mailo nizayamba kuvala majuzi yabili."