Ndani Akuyankha mu Bonongwe?

Mwana wina, Kachiwala, ankakonda bonongwe. Ankakondanso dzina la masambawa. Bo-no-ngwe! Linkamveka ngati kang'oma.

Koma bonongwe wokongola anali pamalo oopsa.

Kumapeto kwa msewu kunali nyumba yotseka. Mawindo ake anali akuda bii. Pakhomo pake panamera bonongwe wofiira psuu. Palibe anamubzala. Palibe ankamuthirira. Iye ankangokula.

Ndiye anthu nkhani! Mayi wapasaluni ankati muli mzukwa. Atelala ankati ndi bodza. Koma iwowo akafika pamenepo, ankayenda mofulumira.

Tsiku lina masana, Kachiwala anabereka mng'ono wake. Mwanayo anali asanayambe kuyankhula. Kachiwala anapita naye kukaona bonongwe uja.

Mumsewu munali zii. Ngakhale galu kunalibe.

Kachiwala anagwira tsamba limodzi. Ananong'ona kuti, "Bo-no-ngwe."

"Ngwe," kanayankha kamawu.

Kachiwala anauma. Anayang'ana pawindo. Panalibe munthu. Anayang'ana pachitseko. Loko anali pompo, wadzimbiri.

Anayesanso. "Bo-no-ngwe."

"Ngwe."

Kamawuko kanali pafupi. Pafupi kwambiri.

Kachiwala anathawa. Anadutsa pasaluni. Anadutsa pa atelala. Anaima kuseri kwa mpanda.

Kodi katsala? Anayesa pang'onopang'ono. "Bo-no-ngwe."

"Ngwe."

Kanamutsatira! Mpweya wofunda unamukhudza pakhosi.

Kachiwala analowa m'nyumba akulira.

"Amayi, mzukwa wanditsatira."

"Masana ano? Uli kuti?" anafunsa amayi.

"Kumbuyo kwanga. Ndikatchula dzina lija, ukuyankha."

Abambo anasiya nsapato imene ankapukuta. "Tatchula, timve nafe," anatero.

Kachiwala anatseka maso. "Bo-no-ngwe."

"Ngwe."

Amayi anagwira pakamwa. Kenako anayamba kuseka. Anamasula nsalu. Anatsitsa mwana uja.

"Mzukwa wako ndi uyu. Uli ndi mano awiri."

Kachiwala anatsegula maso. "Iwe! Unali iwe?"

"Ngwe," anatero mwanayo, dovu lili chuu.

Awa anali mawu ake oyamba.

Abambo anapukusa mutu. "Ine kudikira konseku kuti anene 'ababa'. Iye wasankha masamba."

Kachiwala anapukuta misozi. Anamuika mng'ono wake pamwendo.

"Bo-no," anayamba Kachiwala.

"Ngwe!"

Anabwereza, anabwerezanso, mpaka amayi anati, "Basi, mizukwa inu. Kasambeni m'manja."